Roketi yaitali yapindika m'mwamba: kodi tiikemo onga?

Funso: Ndine mnyamata wa ku Ulongwe m'boma la Angonia, ndimakonza njinga zamoto. Ine ndi azing'ono anga awiri tinapanga roketi ya botolo la malita 2, yoyendera madzi ndi pampu, ndipo inakwera kupitirira mitengo ya bulugamu. Kenako tinalakalaka yaitali kuposa munthu. Tinalumikiza mabotolo 8 ndi tepi mpaka inakwana mamita 2. Itangonyamuka inapindika pakati, n'kugudubuzika m'mwamba, n'kukagwera m'munda wa kachewere wa eni ake. Mnzanga akuti mphamvu ya madzi yachepa, tisake onga kapena tisakanize mankhwala monga amachitira pa YouTube. Nditani kuti roketi yaitali ikwere chowongoka?

Yankho: Achimwene, zikomo polemba, ndipo mundiperekere moni kwa azing'ono anuwo. Ndaphunzitsa sayansi ku sekondale kwa zaka zambiri ndipo maroketi a mabotolo ndawaulutsa ndi ana asukulu kambirimbiri, moti powerenga kalata yanu roketi yopindikayo ndimachita kuiona m'maso. Ndiyambira pa nkhani ya onga chifukwa ndi imene yandidetsa nkhawa.

Chonde musayerekeze. Makanema amene mnzanuyo waona ndi a anthu amene zinawayendera, amene anaduka zala sajambula. Paja akulu anati chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere. Ndipo masewera ouluza timaroketi, monga dziko likuwadziwira lero, anayamba n'cholinga choletsa zimene mnzanuyo akukuuzani. Dziko la Soviet Union litaponya m'mlengalenga Sputnik, setilaiti yoyamba padziko lonse, pa 4 Okutobala 1957, anyamata ambiri ku America anatengeka mtima n'kumapakira mankhwala m'mapaipi achitsulo kuseri kwa nyumba. Ena anachita khungu, ena anaduka manja, ena anamwalira. Orville Carlisle, wogulitsa nsapato wa ku Norfolk m'chigawo cha Nebraska amene ankadziwanso za makombola a pachikondwerero, anali atapanga kainjini kakang'ono kokutidwa ndi pepala lolimba, kogwiritsa ntchito kamodzi n'kutaya. Anatumiza zitsanzo kwa G. Harry Stine, amene ankaona za chitetezo pamalo oyesera mizinga a White Sands. Mu 1957 momwemo awiriwa anayambitsa bungwe limene lero likutchedwa National Association of Rocketry, ndipo posakhalitsa Vern Estes anapanga makina opakira tiinjiniti mofanana, popanda dzanja la munthu kugwira onga. Mfundo imene anaikhazikitsa inali imodzi: wokonda masewerawa amange thunthu, mankhwala oyaka awasiyire fakitale. Tiinjini ta m'fakitaleto timawerengedwa m'gulu la zophulika, choncho si katundu woika m'chikwama n'kudutsa naye pa malire a dziko pa Calomue kapena pa Zobue popanda chilolezo. Onjezani kuti kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba udzu wa ku Angonia umakhala utauma gwa, nkhokwe zili zodzaza, nyumba zambiri n'zofolera ndi udzu. Roketi ya moto ikasochera monga inasocherera yanuyo, mlandu wake sukhala wa kachewere ayi.

Tsopano chimene ndikufuna mumvetse: roketi yanu sinapindike chifukwa chochepa mphamvu. Inapindika chifukwa mphamvu inachuluka kuposa zimene thunthu lake likanapirira.

Tiwerengere limodzi. Kukamwa kwa botolo la chakumwa cha gasi n'kotambalala pafupifupi mamilimita 22. Mukapopa mpaka 4 bar, imene pa geji ina imalembedwa 58 psi, madzi amayamba kutuluka pa liwiro la mamita 28 pa sekondi. Isaac Newton analemba mu 1687 kuti chinthu chikakankha chinzake, nachonso chimakankhidwa mofanana kulowera mbali inayo. Ndi zomwe zimachitika munthu akadumpha m'bwato pa Zambezi, bwato limathawira m'mbuyo. Botolo likukankhira madzi pansi, madziwo akukankhira botolo m'mwamba, ndipo poyambirira kukankhako kumafanana ndi kulemera kwa makilogalamu 30. Roketi yanu pamodzi ndi madzi ake mwina inali kilogalamu imodzi ndi pang'ono. Ndiye kuti pa kanthawi kaja, kosakwana n'kuphethira komwe, chilichonse cha pa roketiyo chinalemera pafupifupi maulendo 25 kuposa masiku onse. Mabotolo 7 apamwamba aja, amene m'manja amamveka ngati kanthu kopepuka, anatsikira pa mfundo yam'munsi ngati thumba la makilogalamu 8 kapena 9. Ndipo mfundoyo inali ya tepi.

Tiinjini ta m'fakitale tija timapatsidwa zilembo malinga ndi kukankha kwake konse: A amafika 2.5 pa mlingo wotchedwa newton-second, B amafika 5, C amafika 10, D amafika 20, chilembo chilichonse kuwirikiza kawiri chinzake. Botolo lanu la malita 2 pa 4 bar limapereka pafupifupi zimene injini ya D imapereka. Kampani ya Estes imagulitsa roketi yotchedwa Mean Machine, yotalika pafupifupi mamita 2 ngati yanuyo, ndipo imauluka ndi injini ya D yomweyo. Choncho mphamvu muli nayo kale m'manja. Kusiyana kwake n'kwakuti injini ya moto imakankha pang'onopang'ono kwa sekondi ndi theka kapena kuposerapo, pamene botolo limakhuthula zonse kamodzi ngati kumenya ndi nyundo. N'chifukwa chake roketi ya madzi yaitali imafuna msana wolimba kuposa inzake.

Tengani phesi la chimanga lalifupi ngati chikhatho, muliimike, mulitsindike ndi dzanja. Silipindika. Tengani lathunthu mulitsindike chimodzimodzi, lithyoka pakati. Mukatalikitsa chinthu chowonda kawiri, katundu amene chingasenze chisanapindike amachepa kanayi. Roketi yanu yoyamba inali botolo limodzi, inalibe popindikira. Yachiwiri inali ndi mfundo 7, ndipo mfundo iliyonse ikangopendama pang'ono, mphepo ya m'mbali imapeza pogwira n'kumalizitsa.

Ine ndikanamanga motere. Botolo la presha likhale limodzi lokha, pansi, kukamwa kuloza pansi. Likhale la chakumwa cha gasi, latsopano, losakandika. Mabotolo a madzi akumwa, a sikwashi kapena a mafuta ophikira sanapangidwe kuti asunge mpweya wopanikizika, asiyeni. Botolo limeneli musaliboole, musalipale ndi sandipepa, musalithire guluu wotentha kapena supaguluu, chifukwa zonsezi zimafooketsa pulasitiki. Pamwamba pake muveke botolo lachiwiri lodula kutako, khosi lake kuloza kumwamba, kuti likhale ngati phewa. Kuchokera paphewapo kukafika kunsonga musaikenso mabotolo. Pangani mpope wowonda wa pepala, wotambalala masentimita 5, wotalika mita imodzi ndi masentimita 40. Tengani paipi ya PVC ya mamilimita 50 ngati chikombole, muikulunge ndi pulasitiki wopyapyala kuti pepala lisamatirire, kenako muzikulunga mizere ya pepala la matumba a simenti mopingasa, mukupaka guluu woyera wa akalipentala wosungunula pang'ono ndi madzi. Mzere woyamba upendekere kumanja, wachiwiri kumanzere, mpaka miyalo 4. Uume masiku awiri pamthunzi uli pachikombole chomwecho, osati padzuwa, ungakhote. Mukausolola mupeza mpope wopepuka, mwina magalamu 150, koma wouma ngati bango. Paipi ya PVC yeniyeniyo musaiulutse. Ndi yolemera, ndipo ikagwa imasweka n'kusanduka mipeni.

Polumikiza mpopewo ndi phewa ndi pamene pagona ntchito yonse. Mpope ulowe m'botolo lachiwiri lija mpaka ukakhale pa kabwalo ka katoni yolimba kamene kagona pa tako la botolo la presha, ndipo ugwidwe pawiri: pakhosi pamene mwadula kuti ukwane bwino, ndi pansi pa kabwaloko. Chinthu chogwidwa malo amodzi chimagwedera, chogwidwa malo awiri otalikirana sichigwedera. Kenako sendani timizere 4 ta nsungwi touma, tonenepa ngati sipoko ya njinga yamoto kapena kuposa pang'ono, totalika masentimita 60, mutimange kuzungulira mfundoyo kuchokera pa mpope kutsikira pa mabotolo. Mukamaliza, igwireni roketiyo kumchira chogona, muigwedeze. Mukamva pena pakuti gwede, pamenepo ndi pamene idzapindikire. Muigubuduzenso pa simenti yosalala mukuyang'ana nsonga. Nsonga ikamavina, thunthu lakhota, ndipo roketi yokhota imauluka mokhota ngakhale zina zonse zili bwino. Yonse isapitirire magalamu 450 kapena 500 ilibe madzi. Sikelo ya ogulitsa nyemba pamsika ikuthandizani.

Kugudubuzika kuja ndi nkhani ina, ndipo ndi imene ndimaikonda kwambiri pophunzitsa. Roketi ili ndi malo awiri ofunika kuwadziwa. Oyamba ndi pamene pakumana kulemera kwake. Mayi akamasenza mtolo wa nkhuni amausuntha pamutu mpaka utakhazikika, osagwera kutsogolo kapena kumbuyo. Pa roketi malo amenewa mumawapeza poigoneka pa chala kapena kuimangirira pa chingwe mpaka itaima chopingasa. Ikakhala m'mwamba imatembenukira pamalo pamenepo. Achiwiri ndi pamene pakumana kukankha kwa mphepo ya m'mbali. Amene ananyamulapo lata tsiku la mphepo akudziwa kuti pali pogwira pena pamene lata silikupotokola, ukagwira pena paliponse limakuzunguza. Kuti roketi iwongoke, malo a kulemera akhale kutsogolo, malo a mphepo akhale kumbuyo kwake. Zikatero, nsonga ikapatuka pang'ono mphepo imakankha mchira n'kuibwezera m'njira. Zikasinthana, mphepo imakankha mutu, mchira umafuna kutsogola, basi kugudubuzika. Makolo athu ankadziwa zimenezi posula muvi: chitsulo cholemera kumutu, nthenga kumchira.

Ambiri amaganiza kuti chinthu chachitali chizilemera pansi ngati nkhokwe kuti chisagwe. Pa nthaka n'zoona, m'mwamba ayi. Ngakhale Robert Goddard, amene anaulutsa roketi yoyamba ya mafuta amadzimadzi pa 16 Malichi 1926 ku Auburn m'chigawo cha Massachusetts, analakwitsa pa nkhani ya kukhazikika. Iye anaika injini pamwamba, matanki pansi, poganiza kuti roketi izilendewera pansi pa injiniyo n'kudziwongola yokha. Inakwera mamita 12.5 okha, inauluka masekondi awiri ndi theka, n'kupendekera kumbali, n'kukagwera m'munda wa kabichi. Munda wa kachewere uja usakuchititseni manyazi, pitani mukapepese kwa eni ake, muwaitanenso tsiku loulutsa.

Malo a mphepo mungawapeze popanda masamu ovuta. Jambulani chithunzi cha roketi yanu monga imaonekera cham'mbali, pamodzi ndi zipsepse zake, pa katoni, mochepetsa kasanu: mamita 2 akhale masentimita 40. Dulani chithunzicho, muchikhazike pa mphepete mwa rula mpaka chitaima osagwa. Yezani kuchokera kunsonga kufika pamenepo, muchulukitse kasanu, mulembe chizindikiro pa roketi yeniyeni. Njira imeneyi imalakwa pang'ono, koma imalakwira kumbali yabwino, yokupatsani chitetezo choonjezera. Lamulo la akatswiri limati malo a kulemera atsogole ndi mtunda wofanana ndi kutambalala kwa thunthu, kamodzi kapena kawiri. Botolo la malita 2 n'lotambalala pafupifupi masentimita 11. Pa roketi yaitali ngati yanuyi ine ndimafuna masentimita 20, poyeza ilibe madzi. Akapanda kukwana, onjezani kulemera pang'ono kunsonga kapena kulitsani zipsepse. Apa utali umakuthandizani, chifukwa magalamu 30 oikidwa kunsonga ya mamita 2 amagwira ntchito imene pa roketi yaifupi ikanafuna ochuluka kwambiri. Ngati wina pakati panu angapeze kompyuta, pali pulogalamu yaulere yotchedwa OpenRocket, imene Sampo Niskanen wa ku Finland anailemba mu 2009 pa maphunziro ake a ukachenjede. Imagwiritsa ntchito masamu amene James Barrowman wa ku NASA, bungwe la America loona za m'mlengalenga, anakonza m'ma 1960, ndipo mukailembera miyeso ya roketi yanu imakuonetsani malo awiriwa pomwepo.

Zipsepse zikhale 4, zolimba, zofanana ndendende. Pulasitiki wa mizeremizere wa zikwangwani zakale ndi wabwino koposa chifukwa saopa madzi. Katoni imalefuka ikangonyowa ulendo umodzi. Mbali yomata ikhale masentimita 15, yotulukira kunja masentimita 12. Muzimate pa lamba wodula ku botolo lina, lambayo n'kumuveka pa botolo la presha cham'munsi kwenikweni. Muziyang'ane kuchokera kumchira ngati mukuwongola fuloko ya njinga. Chipsepse chimodzi chikapendama, roketi imazungulira ngati nguli. Musazikulitsenso mopitirira muyeso, chifukwa roketi ya mchira waukulu kwambiri imatembenukira komwe kukuchokera mphepo n'kumauluka chogona.

Pali chinthu china chimene ambiri sachiganizira. Madzi oyenera ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a botolo, pafupifupi mamililita 700. Amenewa ndi magalamu 700 okhala kumchira, olemera kuposa roketi yonse. Ndiye kuti pa nthawi yonyamuka malo a kulemera ali kumbuyo kwa malo a mphepo, ndipo roketi ili yosakhazikika ngakhale munaiyeza bwino. Mwayi wake ndi wakuti madziwo amatha roketi isanakwere mita imodzi ndi theka. Choncho ntchito yanu ndi kuigwiriza kuti isapatuke pa mtunda umenewo. Zikani nsungwi 4 zowongoka, zosalala, za mamita 2, kuzungulira roketi, iliyonse pakati pa zipsepse ziwiri, zosiya mpata wa chala chimodzi. Muzilimbitse pansi ndi cham'munsi, pamwamba pakhale potseguka. Popeza mpope wam'mwamba ndi wowonda kuposa botolo, dulani katoni yokhala ndi bowo muipachike momasuka pakati pa nsungwizo kuti igwirize mpope pamene mukupopa, yong'ambika pakati kuti igwe yokha roketi ikamadutsa. Ndikukhulupirira kuti roketi yanu ija munangoimika pa chitsekero n'kumapopa mpaka chitafwamphuka chokha. Pa yaifupi zimatheka. Yaitali imafuna kuti inuyo musankhe nthawi yonyamukira.

Chomasulira chodalirika ndi chija anatulukira Ian Clark wa ku Australia, ndipo kwa munthu wokonza njinga zamoto n'chosavuta. Paipi ya madzi ya mamilimita 20 ilowe m'kamwa mwa botolo, yokhala ndi mphira wozungulira woletsa kudontha. Kuzungulira paipiyo mangani tizingwe ta pulasitiki tomangira mawaya tija, 6 kapena 8, mitu yake ikole pa mkombero wa pakhosi pa botolo. Kachidutswa ka paipi yokulirapo kakwere pamwamba pa mituyo kuti isatseguke. Mukakoka chingwe, kachidutswako kamatsika, mitu imatseguka, roketi yapita. Paipi yolowa m'botoloyo ikatalika kufika pafupi ndi tako, imawongolera roketi komanso imaonjezera liwiro. Ikhale paipi ya madzi yochindikala, osati yopyapyala yodutsitsamo mawaya a magetsi. Kumapeto kwa payipi yofewa ya mamita 5 kapena kuposa muike valavu ya chubu chakale, kuti wopopa akhale patali. Valavuyo ndi imenenso mudzaphwetsere mpweya roketi ikakana kunyamuka. Munthu asayandikire, ndipo makamaka asaweramire pamwamba pa roketi imene ili ndi mpweya. Makilogalamu 30 aja akakumana ndi chibwano kapena diso, ndi ulendo wa kuchipatala.

Pampu ikhale ya geji. Kompuresa ya pamalo okonzera matayala musaigwiritse ntchito, imadzaza msanga kuposa mmene dzanja lingaletsere. Botolo lililonse muliyese kaye: mulidzaze madzi mpaka pakamwa, muliike kuseri kwa khoma, mupope mpaka 6 bar, mudikire mphindi imodzi. Madzi sapanikizika ngati mpweya, choncho botolo lodzaza madzi likaphulika limangong'ambika, pamene lodzaza mpweya limaphulika ngati mfuti ndipo lingagonthetse khutu. Likapirira 6, muziulutsa pa 4. Likayamba kuonetsa mizere yoyera, kapena likagwa mwamphamvu kangapo, lipumitseni. Musalisiyenso padzuwa. Kwanu ku Ulongwe n'kozizira, koma anzathu a mumzinda wa Tete ndi ku Moatize, kumene kutentha kumapitirira madigiri 40 mu Okutobala ndi Novembala, adziwe kuti botolo logona pa lata kapena m'galimoto yotseka limafewa n'kusintha maonekedwe.

Kutsika n'kumene kumandiopsa kuposa kukwera. Roketi yokhazikika bwino imabwerera pansi mutu uli patsogolo, ndipo chinthu cha theka la kilogalamu, chowonda, chochokera mamita 25 m'mwamba, ndi mkondo. Tsiku lina pa sukulu ina imene ndinkaphunzitsa, parachuti inakana kutseguka ndipo roketi inazikika m'nthaka pafupi kwambiri ndi pamene panaima ana a m'mudzi amene anabwera kudzaonerera. Palibe anavulala, koma usiku umenewo sindinagone, ndipo kuyambira pamenepo sindiulutsa kanthu kopanda nsonga yofewa. Ikani siponji yochindikala kapena mpira wa tenesi kunsonga, osati mwala, msomali kapena mtengo wosongola. Ngati mukufuna kulemera koonjezera, mchenga wa m'kapepala ka pulasitiki uikidwe kuseri kwa siponjiyo.

Parachuti ya roketi ya magalamu 450 ikhale yotambalala masentimita 75 kapena 80, kuti izitsika pafupifupi mamita 5 pa sekondi. Nsalu ya ambulera yothyoka ndi yabwino zedi, ili kale ndi ngodya 8 zomangapo zingwe, ndipo chingwe chilichonse chitalike mofanana ndi kutambalala kwa nsaluyo. Ulongwe ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,300, mpweya wake ndi wopepukirapo kusiyana ndi wa ku Beira, choncho parachuti yokulirapo pang'ono siilakwika. Muipinde momasuka, muiwaze paudala kuti isamatirire. Chovuta ndi kuitsegula pa nthawi yake. Njira ya chisoti chongokhazika pamwamba, choti chigwe chokha roketi ikatembenuka, imagwira ntchito mwa apo ndi apo: nthawi zina chimachoka roketi ikadali kukwera, nthawi zina sichichoka n'komwe. Ine ndimadalira kamakina ka m'zidole zopukusa zija zogulitsidwa pamsika. Mumachotsa kabokosi ka sipuling'i, n'kukamangirira m'mbali mwa mpope, n'kukulunga mphira pa kamtengo kake kozungulira. Mphirayo ndi amene amagwira chitseko cha parachuti. Kawaya komangirira ku nsungwi kamaletsa makinawo kuyenda mpaka roketi itanyamuka, ndipo pakatha masekondi awiri kapena awiri ndi theka mphira amamasuka, chitseko n'kutseguka. Muyese pansi maulendo 10 motsatizana musanakhulupirire.

Musayembekezere kuti yaitaliyi idzaposa yaifupi ija. Mwa kuwerengera kwanga, pa 4 bar idzakwera mamita 20 mpaka 30, chifukwa yanyamula thupi lolemera katatu. Kukoma kwake kuli pa kuiona ikunyamuka yonse chiimire ngati mlongoti. Koma madzi ndi mpweya zingafike patali kuposa mmene mnzanu uja akuganizira. Mu 2015 gulu la pa University of Cape Town ku South Africa linaulutsa roketi ya madzi yotalika mamita 2.68 mpaka mamita 830 m'mwamba, ndipo pa nthawiyo panalibe ina padziko lonse imene inafikapo pamenepo. Thunthu lake linali la ulusi wa kaboni lopirira presha yoopsa, zimene botolo silingayerekeze, koma mfundo zake ndi zomwezi: thunthu lowongoka, lolimba, lopepuka.

Za malo oulutsira, bwalo la mpira kapena dambo louma lopanda nyumba pafupi ndi lokwanira. Mutalikirane ndi mawaya a magetsi ndi msewu, ndipo roketi ikakodwa pa waya isiyeni pomwepo, musaitokose ndi nsungwi. Muonenso kumene mphepo ikulowera, kuti parachuti isakatere kumanda kapena kudambwe, kumene simungakalowe mwachisawawa kukaitenga. Amene ali mumzinda wa Tete asaulutse chilichonse kufupi ndi bwalo la ndege la Chingodzi. Nthawi yabwino ndi m'mamawa, masamba a mitengo asanayambe kugwedezeka. Mwera wa mu Juni ndi Julaye komanso akavuluvulu a masana a chilimwe ndi adani a roketi yaitali. Ndipo kauzeni amfumu kapena akuluakulu a dera lanu musanayambe. Nkhondo inatha mu 1992, koma alipo agogo ambiri m'midzi ya Angonia ndi Tsangano amene anathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu ali ndi ana kumsana, ndipo kwa iwo chinthu chophulika n'kuuluka m'mwamba chimadzutsa zakale. Mukawafotokozera kuti ndi madzi ndi pampu ya njinga, n'kuwaonetsa botololo m'manja, mitima imakhala pansi.

Tsiku loyamba mugawane ntchito. Inu mukhale pa pampu ndi geji, mng'ono wanu mmodzi akoke chingwe atawerenga mokweza kuchokera pa 5 kutsika, oonerera onse aime kumbuyo kwanu mamita 15 ndipo aliyense akhale chiimire maso ali kumwamba. Mng'ono winayo aime mamita 30 kuchokera pa roketi ndi choyezera ngodya cha m'bokosi la masamu la kusukulu, chomangirira ulusi ndi kanati pakati, aloze roketi ikafika pamwamba penipeni n'kutsina ulusiwo. Ngodya ikakhala madigiri 45 kuchokera pansi, roketi yakwera mamita 30, ofanana ndi mtunda umene waima. Ikakhala madigiri 30, yakwera mamita 17. Ikakhala 60, yakwera 52. Pa nambala iliyonse aonjezere msinkhu wake wofika m'maso.

Yambani ndi 2 bar, parachuti itatcheredwa kuti itseguke msanga, muone ngati thunthu latuluka m'nsungwi chowongoka. Mukatola, gwedezani mfundo ija, yang'anani zipsepse, kenako mupite pa 3, n'kumalizira pa 4. Mugule kope loti muzilembamo kulemera kwa roketi, madzi, presha, mphepo ndi ngodya ya ulendo uliwonse, ndipo muzisintha chinthu chimodzi chokha pa ulendo umodzi kuti mudziwe chimene chathandiza. Ikadzapindikanso kapena kugudubuzika, mundilembere nambala zitatu izi: kulemera kwake ilibe madzi, mtunda wochokera kunsonga kufika pa malo a kulemera, ndi wochokera kunsonga kufika pa chizindikiro cha katoni chija.